Mwano wovala mkanjo

Ndinabadwira m'mphepete mwa nyanja monga ambiri a inu, koma kwa zaka zingapo tsopano ndikukhala ku Thambani, m'boma la Mwanza, kufupi ndi malire a dziko lathu ndi Mozambique. Kuno kulibe bwato ngakhale chilimira. Anthu amadalira chimanga, nandolo, mbuzi ndi timalonda ta pamsika, ndipo Asilamu tilipo mabanja owerengeka chabe, moti ana amene ndimawaphunzitsa Qur'an madzulo amakwana pa mikeka iwiri. Usipa umatipeza utayenda ulendo wautali, ndipo amene amabwera nawo ndiwo amatibweretseranso nkhani za kwathu.

Tsiku lina la msika ndinapita kukagula ndiwo kwa bambo wina wa kwathu kunyanja, Msilamu mnzathu wosaphonya swala, ndipo ndinamupeza akungomaliza kulankhula pa foni nkhope ili gwaa. Nditafunsa ngati kumudzi kwagwa zovuta, anayankha kuti: "Sukulu yatha ija, a Mwalimu. Kumene amaphunzira mwana wanga wa Folomu 3 atumizako ahedi aakazi. Ndikamuchotsako." Amuna amene anali pafupi anaseka. Wina anaponya mwambi uja tinaumva kawirikawiri pamene Mayi Joyce Banda anali mtsogoleri wa dziko, wakuti ng'ombe yaikazi siikoka ngolo. Wina anati sukuluyo aziyendetsa ndi mwamuna wake ali pakhonde. Wachitatu anatsinzina diso limodzi n'kunena kuti tonse tikudziwa njira imene akazi amapezera mipando. Kenaka wausipa uja anatembenukira kwa ine, pamaso pa anthu amene ambiri mwa iwo sanali Asilamu, n'kunena kuti: "A Mwalimu, auzeni anthuwa. Si paja deen yathu imaletsa mkazi kulamulira amuna?" Ine ndinamwetulira, ndinati nkhaniyo ndi yaitali, ndinalipira usipa wanga n'kumapita.

Kuthawa kumeneko kwandivutitsa mumtima kuyambira tsikulo. Munthu akafunsidwa m'dzina la chipembedzo n'kukhala chete, omvera amatenga kukhala chete kwakeko ngati chigamulo. Anthu a pamsika paja anabalalika akudziwa kuti Chisilamu chili mbali ya ng'ombe ndi ngolo, ndipo amene anawaphunzitsa zimenezo ndi ine. Ndikulemba kuti ndibweze ngongoleyo. Mfundo yanga ndi iyi: kunyoza mayi chifukwa wapatsidwa utsogoleri wa sukulu ya sekondale sikuchokera mu Qur'an kapena mu Sunnah. Ndi mwano wathu wa masiku onse, womwe ukupezekanso pakati pa anthu a zipembedzo zina ndi osapembedza omwe, koma ife tauveka mkanjo ndi chisoti kuti uzilowa nawo mumzikiti. Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho mundipirire.

Ndiyambe ndi bambo wotsinzina diso uja, chifukwa pa zonse zimene zinayankhulidwa pamsika paja, mawu ake okha ndiwo ali ndi chilango chotchulidwa mu Qur'an. Surah An-Nur ikulamula kuti munthu wonamizira mkazi wodzisunga kuti wachita chiwerewere, popanda kubweretsa mboni zinayi, akwapulidwe zikoti 80 ndipo umboni wake usadzalandiridwenso. Surah yomweyi ndi imene inayeretsa dzina la Mayi Aisha (Allah asangalale nawo) pamene mphekesera zinawazungulira mu Madinah. Tsono taganizani kuchuluka kwa nthawi zimene mawu otere amatuluka m'kamwa mwathu. Mphunzitsi wamkazi akakwezedwa, timati wagona ndi bwana. Akapita ku msonkhano wa aphunzitsi aakulu n'kukagonako masiku awiri, timafunsana kuti wagona kuti. Timayankhula zimenezi pakhonde la mzikiti, tikudikira ikama, kenaka n'kulowa kukaima pamzere woyamba. Tikufunafuna tchimo pa mayi wokhala mu ofesi yake akulemba ndondomeko ya mayeso, pamene tchimo lalikulu, limene Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) analiwerengera pakati pa machimo asanu ndi awiri owononga, lili pa lilime lathu.

Tsopano tibwere ku umboni umene abale athu amautchula, chifukwa ulipo ndipo sindiubisa. M'buku la Imam Bukhari muli hadith yochokera kwa Swahaba Abu Bakrah, yonena za kusapambana kwa anthu amene apereka ulamuliro wawo m'manja mwa mkazi. Hadith imeneyi ndi yoona, ndipo ine ndinaiphunzira ku koleji monga anaiphunzirira masheikh anu. Koma tinaphunziranso chifukwa chake inayankhulidwa. Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anauzidwa kuti anthu a ku Persia aika pampando wachifumu mwana wamkazi wa Kisra, mfumu yawo. Nkhani inali ya ufumu wa dziko lonse, wokhala ndi asilikali, nkhondo ndi mphamvu pa miyoyo ya anthu. Ma ulama ambiri akale anatenga hadithiyi ngati lamulo pa utsogoleri waukulu wa Asilamu onse, ndipo a madhhab athu a Imam Shafi'i anaikanso uweruzi wa khoti la Shariah pansi pa lamulo lomweli. Ngakhale pa uweruzipo sanagwirizane onse: Imam Abu Hanifa analola mkazi kuweruza milandu imene umboni wake umalandiridwa, ndipo Imam Tabari, mwini tafsir yotchuka ija, analola mkazi kuweruza milandu ya mtundu uliwonse. Akuluakulu amenewa ankatsutsana za mpando wa khalifa ndi wa kadhi. Ife tatenga mkangano wawowo n'kuutsitsira pa ofesi yokhala ndi tebulo limodzi, kabati ya mafayilo ndi belu la chitsulo cha galimoto.

Kodi mphunzitsi wamkulu wa sekondale amachita chiyani kwenikweni? Amagawa maphunziro kwa aphunzitsi, amaonetsetsa kuti alowa m'kalasi pa nthawi yake, amasunga mabuku ndi ndalama za sukulu, amalembetsa ana mayeso ku MANEB, amakumana ndi makolo, ndipo amayankha kwa akuluakulu a maphunziro m'chigawo. Sukulu za kuno ku Mwanza zimayankha ku ofesi ya ku Blantyre, za ku Mangochi ku Zomba, za ku Salima ndi Nkhotakota ku Kasungu. Iye salemba aphunzitsi a boma ntchito ndipo sangawachotse mwa yekha. Pamwamba pake pali unduna, pambali pake pali wachiwiri wake, akulu a nthambi za maphunziro ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi. Satsogolera swala ya Jumu'ah, samanga nikah, sagamula za chuma cha masiye. Ndi wantchito wosungitsidwa ana a eni ake, ndipo dzina la ntchito yotere m'chipembedzo chathu ndi amana, chinthu chosungitsidwa chimene mwini wake adzachifunsa. Ndikupempha aliyense wa masheikh athu amene akuti amana ya mtundu umenewu ndi yoletsedwa kwa mkazi kuti atisonyeze buku, mutu ndi tsamba.

Ena amathamangira ku ndime 34 ya Surah An-Nisa, yonena za udindo wa amuna woyang'anira akazi. Werengani ndimeyo mpaka kumapeto, ndipo muwerengenso yotsatira yake. Ikukamba za mwamuna ndi mkazi wake, za chuma chimene mwamunayo amapereka posamalira banja, ndi za kuyanjanitsa awiriwo akasemphana. Udindo umenewo ndi wa munthu pa nyumba yake, ndipo umabwera ndi katundu wodyetsa, kuveka ndi kuteteza. Sukupatsa mwamuna aliyense woyenda mumsewu ulamuliro pa mkazi aliyense wa mwini. Mphunzitsi wachinyamata amene wangotuluka kumene ku koleji sakhala woyang'anira wa mayi amene waphunzitsa zaka 20 chifukwa choti iye ali ndi ndevu. Komanso mayi amene masana amasaina makalata a sukulu, madzulo akafika kunyumba amakhalabe mkazi wa mwamuna wake, ndi maufulu ndi maudindo omwe aja. Ofesi siithetsa nikah.

Muyeso wosankhira wantchito tinapatsidwa kale, ndipo n'zochititsa manyazi kuti timauiwala, chifukwa amene anautchula mu Qur'an ndi mkazi. Mu Surah Al-Qasas, mmodzi wa atsikana awiri a ku Madyan amene Mneneri Musa (mtendere ukhale pa iye) anawamwetsera ziweto ndiye analangiza bambo ake kuti amulembe ntchito, ndipo zifukwa zake zinali ziwiri: mphamvu zogwirira ntchitoyo ndi kukhulupirika. Bambo akewo anamvera. Mphamvu yoyendetsera sukulu ndi kudziwa maphunziro, kudziwa kusunga kaundula, ndi kulimba mtima kouza mphunzitsi woledzera kuti wajomba. Kukhulupirika kwake ndi kusadya ndalama za chitukuko ndi kusagwira mwana wa mwini. Pa ziwirizi palibe chimene chimamera pachibwano. Kumbukiraninso za ku Hudaibiyah m'chaka cha 6 Hijri, pamene Maswahaba anakhumudwa ndi pangano lija n'kuzengereza kuzinga nyama zawo ndi kumeta. Amene anapereka nzeru yothetsa vutolo anali Mayi Ummu Salamah, polangiza Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) kuti atuluke ayambe yekha osayankhula ndi munthu. Anatero, ndipo gulu lonse linatsatira.

Koma umboni umene umanditsekera pakamwa ine mwini ndi mbiri ya maphunziro athu. Mayi Aisha anasimba mahadith oposa 2,000, ndipo Maswahaba akuluakulu ankapita kukawafunsa zikawavuta. Ummu Darda wamng'ono ankaphunzitsa ku Damascus ndi ku Jerusalem, ndipo pakati pa okhala pansi kumumvera panali Abdul Malik ibn Marwan, amene anali khalifa. Olemba mbiri amasimba kuti Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kunyanja timatsatira madhhab ake, atafika ku Egypt ankamva hadith kwa Sayyidah Nafisah. Ku Makkah kunali Karimah Al-Marwaziyyah, amene anamwalira m'chaka cha 463 Hijri: anthu ankachokera kutali kukawerenga buku la Bukhari pamaso pake, ndipo Al-Khatib Al-Baghdadi analimaliza kwa iye m'masiku asanu. Imani pamenepa pang'ono. Buku lomwe lija timatengamo hadith yokanira akazi, imodzi mwa njira zake zodalirika kwambiri inadutsa m'manja mwa mkazi amene amuna ophunzira ankamugwadira kuti awakonze pamene alakwitsa. Ku Fez, m'dziko la Morocco, mzikiti wa Qarawiyyin umene unadzakhala malo otchuka a maphunziro unamangidwa mu 859 ndi chuma cha Fatimah Al-Fihri. Kumpoto kwa Nigeria, Nana Asma'u, mwana wa Sheikh Usman dan Fodio, amene anamwalira mu 1864, anakhazikitsa gulu la aphunzitsi aakazi oyenda m'midzi, ndipo ankawasankha, kuwaphunzitsa ndi kuwatuma yekha. Masiku athu ano Sheikh Mohammad Akram Nadwi wasonkhanitsa mbiri za akazi odziwa hadith pafupifupi 10,000 m'mabuku 43. Ngati mkazi saloledwa kutsogolera malo a maphunziro, ndiye kuti ma ulama a zaka zonsezi anachimwa osadziwa, ndipo zaululika lero pa msika wa usipa.

Sitifunikanso kupita ku Fez kuti tione zimenezi. Ife a kunyanja, Ayao ndi Achewa, ndife anthu a mbumba. Mudzi timauwerenga kuchokera kwa amayi, ndipo mfumu siikhala pampando amayi a mbumba asanavomereze. Ku Salima kuli ufumu wa Bibi Kuluunda, umene dzina lake lomwe likunena za mayi. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera anawo kusukulu, ntchito imene mafumu aamuna ambiri anaiopa. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inasankha Mayi Catherine Gotani Hara kukhala Sipikala woyamba wamkazi, ndipo mmodzi wa achiwiri awo anali Mayi Aisha Mambo Adams, Msilamu mnzathu wa ku Mangochi, ndipo tinanyadira. Amayi athu amakonza ijtima ya anthu miyandamiyanda, kusonkha ndalama, kubwereka magalimoto, kuphika ndi kugoneka alendo, ndipo ife amuna timangofika kudzatsegulira ndi dua. Akatha zonsezo timawauza kuti sangathe kuyang'anira aphunzitsi khumi ndi awiri.

Pali chifukwa china chimene nkhaniyi ikutikhudzira ife Asilamu koposa ena. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali za mishoni, ndipo makolo athu, poopa kuti ana awo asiya chipembedzo, anawaletsa kupitako. Mantha awo anali ndi maziko, koma mtengo wake tikulipirabe mpaka lero. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndife pafupifupi anthu 14 mwa 100 aliwonse m'dziko muno. Lowani m'zipinda za aphunzitsi za m'sekondale za m'maboma athu, muwerenge amayi ovala hijab, kenaka muwerenge amene akhala pampando wa mphunzitsi wamkulu. Zala zanu sizitha. Mu Novembala 2019 kwa M'manga, m'boma la Balaka, kunabuka ziwawa pa nkhani ya hijab kusukulu, ndipo zinatengera zokambirana zazitali, zotsogoleredwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, kuti mu 2021 pasainidwe mgwirizano wolola atsikana achisilamu kuvala hijab yogwirizana ndi yunifolomu. Tinasangalala, ndipo kunali koyenera. Koma pepala losainidwa mumzinda limagwira ntchito kapena kufa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Timadandaula kuti m'maofesi amenewo mulibe wotimvetsa, ndipo nthawi yomweyo tikuphunzitsa ana athu aakazi kuti mpandowo si wawo. Mkazi wathu akadwala timafuna namwino wamkazi, mwana wathu akatha msinkhu timafuna mphunzitsi wamkazi, koma wakwathu akafika Folomu 2 timayamba kumufunira mwamuna wa ku Joni. Tikufuna kukolola m'munda wa anzathu.

Ndikuuzeni zimene ndimaona kuno kumudzi, chifukwa sizisiyana ndi za ku Makanjira kapena ku Namwera. Ana ambiri a m'midzi amene apambana mayeso a Sitandade 8 amapita ku sekondale zoyendera za m'madera, zija zimatchedwa CDSS, zimene boma linazipanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuchokera ku malo ophunzirira a MCDE. Zambiri zilibe malo ogona. Mtsikana wochokera kutali amayenda mtunda wautali m'mawa ndi madzulo, kapena amachita lendi kachipinda pafupi ndi msika, yekha kapena ndi anzake awiri, ali ndi zaka 15. Ufa ukatha pakati pa mwezi, amene amadziwa msanga ndi wa kabaza ndi wa pashopu. Mtsikana ameneyu akayamba kuvutitsidwa ndi mphunzitsi, akauza ndani? Akadwala kumwezi alibe chovala, n'kujomba masiku anayi, akafotokozera ndani? Lamulo lolola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu lilipo kuyambira mu 1993, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Koma mtsikana wobwerera ndi mwana kumbuyo amayenera kugogoda pachitseko china chake n'kulankhula ndi munthu wina wake. Ife amene timaphunzitsa ana athu manyazi, amene timawauza kuti nkhani zina sakambirana ndi mwamuna wachilendo, ndife oyenera kukhala patsogolo kupempha kuti kuseri kwa chitsekocho kuzipezekanso mayi wokhala ndi mphamvu yochitapo kanthu. Aphunzitsi aakulu aamuna abwino alipo ambiri, ndipo ena ndimawadziwa. Koma sukulu imene utsogoleri wake wonse ndi amuna okhaokha ili ndi khutu limodzi logontha.

Anthu ena amati akaziwo ndiwo safuna maudindo, makamaka kumidzi. Tiyeni tione mmene kusafunako kumapangidwira. Kuti munthu aphunzitse ku sekondale amafunika dipuloma kapena digiri, monga za ku Domasi kapena ku Nalikule, ndipo mayi wapabanja amapita kumeneko ngati mwamuna wake walola ndiponso ngati pali wosamala ana. Akamaliza n'kupatsidwa udindo kudera ngati lino, kumene msewu ndi wafumbi ndipo nyumba za aphunzitsi n'zosakwanira, mwamuna amati iye sangatsatire mkazi ngati mkamwini wopanda pake. Pamene mwamuna asamutsidwa, mkazi amamanga katundu tsiku lomwelo ndipo palibe amene amadabwa. Mayi uja akalimba mtima n'kupita yekha, tayamba kale kumuwerengera amuna. Akakana udindowo kuti asunge banja, timati mwaona, akazi safuna. Tatseka chitseko ndi manja athu, kenaka tikuloza kuti palibe walowa. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 likuti polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 ndipo asapitirire 60 mwa 100 aliwonse, ndipo lomwelo likunenanso kuti wosakwanitsa zoyenereza asalembedwe chifukwa cha chiwerengero chokha. Choncho amene amati mayi aliyense wapampando anangoikidwa kuti akwaniritse nambala sanaliwerenge lamulolo. Ndipo lamulo silingalowe m'nyumba mwanu kukauza bambo kuti aphike nsima mkazi wake ali ku Domasi. Zimenezo zimafuna Sunnah ya Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), amene Mayi Aisha anasimba kuti kunyumba ankathandiza ntchito za pabanja, kusoka chovala chake ndi kukonza nsapato zake.

Nanga za mwambo? Amati anyamata a Folomu 4, ena a ndevu kale, sangaope mkazi. Funso langa ndi lakuti anaphunzira kuti kusamuopako. Mnyamata amene wamva bambo ake akunena pa chakudya chamadzulo kuti ahedi atsopanowo ndi ng'ombe yaikazi amapita kusukulu m'mawa atanyamula chilolezo chochita mwano. Mphunzitsi wamwamuna amene akukana kulandira malangizo kwa mkulu wake, n'kumachedwa dala kuti aone chimene mayiyo achite, ndiye akuphwanya mwambo, ndipo zotsatira za mayeso zikaipa tidzati walephera ndi mkazi. Sindikunena kuti mayi aliyense wapampando ndi mngelo. Alipo aulesi, alipo okondera, alipo odya ndalama, monga mmene aliri amuna. Wotere achotsedwe, ndipo ine ndidzasaina nawo kalatayo. Chimene ndikukana ndi sikelo ya miyala iwiri. Mwamuna akalephera timati uje walephera. Mkazi akalephera timati akazi alephera. Ndi sukulu zingati zimene zagwa m'manja mwa amuna, mabuku kusowa, ana kupatsidwa mimba ndi aphunzitsi awo, popanda ndi mmodzi yemwe woimirira kunena kuti amuna asapatsidwenso uhedi? Qur'an ili ndi surah yathunthu, Al-Mutaffifin, imene imayamba ndi kuopseza anthu oyeza mosiyana pogula ndi pogulitsa. Ife ogulitsa nsomba ndi mpunga tikuidziwa bwino surah imeneyi, ndipo sikelo siikhala pamsika pokha.

Latsala dandaulo limodzi limene ndimalilemekeza, la abale oopa Allah amene nkhawa yawo ndi kusakanikirana kwa amuna ndi akazi ndi kukhala awiriwiri m'chipinda. Nkhawa imeneyi ndi ya m'chipembedzo ndithu. Koma onani kuti mayiyo ali kale pasukulupo monga mphunzitsi wamba, ndipo mkulu wake wamwamuna amamuitanira mu ofesi nthawi iliyonse imene wafuna, iye osatha kukana. Pamenepo sitidandaula. Timayamba kukumbukira malamulo a khalwa tsiku limene mayiyo wakhala mbali inayo ya tebulo, pamene tsopano ali ndi mphamvu yolamula kuti chitseko chikhale chotsegula, kuti wachiwiri wake akhalepo, ndi kuti misonkhano ithe dzuwa lisanalowe. Ngati nkhawa yathu ndi ulemu wake, udindo ukumuteteza koposa kusowa udindo. Malire a Shariah pa kavalidwe, kayankhulidwe ndi kukhala awiriwiri amamanga wamkulu ndi wamng'ono mofanana, mwamuna ndi mkazi yemwe.

Choncho ndikupempha zinthu zimene nyumba iliyonse ingathe. Bambo, mwana wanu asamve m'kamwa mwanu mawu onyoza mphunzitsi wake wamkulu chifukwa ndi mkazi. Ngati muli ndi dandaulo pa ntchito yake, pitani ku msonkhano wa makolo mukalinene ndi umboni. Mayi, inunso lekani kunena kuti mkazi mnzanu akudzimva, chifukwa miseche yambiri imene imagwetsa amayi apampando imaphikidwa pachitsime ndi pa sadaka. Amene mwakwatira mphunzitsi, mkazi wanu akaitanidwa kukapitiriza maphunziro kapena kukayesedwa pa udindo, mumuperekeze ku depoti, ndipo malipiro a ana amene adzaphunzire m'manja mwake mudzagawana naye. Makomiti a sukulu zathu za Chisilamu adzifunse chifukwa chake ngakhale kumene ophunzira ake ndi atsikana okhaokha timayamba tafunafuna mwamuna. Ndipo ife a mwalimu ndi masheikh, tikafunsidwa pagulu, tiyankhe zimene tinaphunzira, ndi malire ake ndi kusiyana kwa ma ulama kumene, m'malo momwetulira n'kuthawa monga ndinachitira ine.

Msika wotsatira ndinabwerera kwa bambo wausipa uja. Ndinamuuza, pamaso pa ena mwa amuna omwe aja, kuti funso lake ndinalizemba ndipo ndinalakwa, kuti deen yathu siiletsa mayi kuyendetsa sukulu, ndipo kuti chimene imaletsa ndi mawu aja tinawaseka tonse. Ndinamufunsa ngati ahedi atsopanowo anaba, anajomba kapena anatukwana munthu. Anati sanamvepo. Ndinamufunsa chimene mwana wake amafuna kudzakhala, ndipo anayang'ana pansi n'kunena kuti uphunzitsi. Sanandilonjeze kanthu, anangoti akakambirana ndi mayi a mwanayo, amene anali atakana kale zomuchotsa pasukulupo. Mtsikanayo akadzaphunzitsa zaka zake mokhulupirika, dzina lake n'kutuluka pa mndandanda wa aphunzitsi aakulu, padzakhala amuna ena pamsika wina amene adzatsinzine diso. Chimene adzanene za mwana wathu tikuwaphunzitsa ndife lero. Allah atikhululukire pa zimene malilime athu ananena, ndipo atipatse ana aamuna ndi aakazi oyenera kusungitsidwa amana.